Galimoto zakale zisathere pa sikelo ya ogula zitsulo

Anthu akamakambirana za ngozi za pamsewu, za utsi wa m'tauni ndi za mizere ya mafuta, pali mawu amene akumveka kawirikawiri masiku ano: akuti galimoto zonse zakale zichotsedwe pamsewu, zigulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, nkhani ithere pompo. Olankhula motere amadabwa akamva kuti pali bambo wa ana ndi zidzukulu amene amathera Loweruka lonse pansi pa Peugeot 404 akupala dzimbiri, ndipo amaseka akamva za wina amene amakhala pa tebulo akumata timagalimoto tapulasitiki kapena kupinda mawaya ngati mwana wa Sitandade 4. Ine sindikugwirizana nawo. Maganizo anga ndi akuti galimoto zakale zosamalidwa bwino zipatsidwe malo awoawo m'malamulo athu a pamsewu, ndipo kupanga timagalimoto, kaya tawaya kaya tapulasitiki, kuyambe kuonedwa ngati phunziro lenileni. Ziwirizi sindizilekanitsa, chifukwa zonse zimasunga chinthu chimodzi chimene tikutaya mofulumira, chomwe ndi luso la manja lomvetsa momwe makina amagwirira ntchito.

Tisanapite patali, tigwirizane kaye kuti tikunena galimoto yotani, chifukwa mkangano wambiri umachokera pa kusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Bungwe la FIVA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo limaphatikiza magulu a okonda galimoto zakale a m'mayiko ambiri, limati galimoto ya mbiri ndi imene yakwanitsa zaka 30, yasamalidwa kuti ikhalebe momwe inapangidwira, ndiponso siigwiritsidwa ntchito pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Minibasi yomangidwa chitseko ndi chingwe, yomwe imanyamula anthu anayi pa mpando wa atatu, siilowa m'gulu limeneli ngakhale itakalamba chotani. Mayiko ena anachita kale kusiyanitsa kumeneku. Ku Germany, kuyambira mu 1997, galimoto ya zaka 30 yosamalidwa bwino imapatsidwa nambala yothera ndi chilembo cha H. Ku Britain galimoto ya zaka zoposa 40 siilipira msonkho wa pamsewu, ndipo ku London siilipiranso ndalama ya utsi ya mapaundi 12.50 patsiku, yomwe inafalikira mzinda wonse pa 29 Ogasiti 2023. Kumeneko nakonso mkangano ulipo, ndipo abale athu ogwira ntchito yosamalira okalamba ku London amafunsa funso lomveka: bwanji galimoto yanga yopitira kuntchito ikulipira, pamene Jaguar yakale ya munthu wolemera ikudutsa ulere? Funso limeneli likutifikitsa pa mfundo yoyamba ya otsutsa.

Iwo amati izi ndi zoseweretsa za anthu olemera, ndipo dziko losowa mankhwala m'zipatala ndi ndalama zakunja lilibe nthawi ya zimenezi. Mfundoyi ili ndi pogwira. Mu Meyi 2022 Mercedes-Benz imodzi ya mu 1955 inagulidwa pa mayuro 135 miliyoni, ndipo munthu amene amagona ndi njala akamva zimenezi ali ndi chifukwa chokwiyira. Komabe tiyang'ane amene ali ndi galimoto zakale kwathu kuno. Ambiri amene ndimawaona ndi makaniki opuma ntchito, aphunzitsi akale, alimi a fodya, kapena mwana amene wakana kugulitsa Datsun ya malemu bambo ake. Kuwonjezera apo, tifunse kumene ndalama yokonzera galimoto yotere imapita. Imapita kwa wowotcherera wa ku Ndirande, kwa wosoka mipando, kwa wopenta, kwa mnyamata wa ku Biwi amene amasema chitsulo chatsopano potengera chakutha. Zipangizo zina zimaitanitsidwa kunja, inde, koma ntchito yambiri ndi ya manja a anthu a konkuno. Yerekezani ndi galimoto zimene timaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Songwe: mtengo wake wonse umatuluka m'dziko mu madola, ndipo kabokosi kake ka kompyuta kakapsa, palibe wokakonza, timangoitanitsa kena. Choncho ngati nkhawa ndi ndalama zakunja, munthu wodzutsa Land Rover imene inalowa m'dziko muno zaka 50 zapitazo si woyenera kumuloza chala poyamba. Ku Havana, m'dziko la Cuba, galimoto za ku America za m'ma 1950 zikuyendabe chifukwa umphawi ndi ziletso za malonda zinakakamiza makaniki kuzisunga, ndipo lero zimanyamula alendo odzaona mzinda n'kumadyetsa mabanja. Ife tili ndi msewu wokwera phiri la Zomba, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi gombe la Mangochi, malo amene mlendo angalipire mosangalala kuti ayendetsedwe pa galimoto ya mbiri, osanenanso za akwati amene amafunafuna galimoto yachilendo pa tsiku lawo.

Mfundo yachiwiri ndiyo yolimba kuposa zonse, ndipo sindiipeputsa. Galimoto zakale zimatulutsa utsi wambiri pa kilomita iliyonse kuposa zatsopano, ndipo pa ngozi siziteteza bwino. Lamba wa pampando amene timamudziwa lero anayamba ndi kampani ya Volvo mu 1959, ndipo galimoto zambiri zakale zilibe ngakhale ameneyo, zilibe matumba a mpweya, mabuleki ake ndi ofooka poyerekeza ndi a masiku ano. Zonsezi n'zoona. Koma utsi umene timapuma mu Limbe kapena ku depoti ya Lilongwe umachokera ku galimoto zimene zimayenda kuyambira mbandakucha mpaka usiku, tsiku ndi tsiku, injini zitatopa. Nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inalengeza mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zokwana 14 miliyoni zinatumizidwa kunja kuchokera ku Europe, America ndi Japan, ndipo Africa ndiyo inalandira gawo lalikulu. Vuto la utsi lili pamenepo. Volkswagen Beetle imene imatuluka m'garaja pa ukwati kapena pa chionetsero siingafanane ndi lole yofuka imene imakwera Chingeni mlungu wonse. Chifukwa chake ndikunena kuti lamulo lisiyanitse, ndipo lisiyanitse mokhwima. Galimoto yolembedwa kuti ndi ya mbiri isaloledwe kuchita matola kapena kunyamula katundu wa malonda. Iyesedwe mabuleki, magetsi, matayala ndi chiwongolero chaka ndi chaka. Pamenepa sindingatengere a ku Britain, amene kuyambira mu 2018 anachotsa kuyesa kwa pachaka pa galimoto zambiri za zaka zoposa 40. Misewu yathu ili ndi ana a sukulu, njinga za kabaza ndi maenje, ndipo chikondi cha mwini galimoto sichingalowe m'malo mwa mabuleki. Woyesa angoyenera kuiyesa monga galimoto ya nthawi yake, osaikaniza chiphaso chifukwa ilibe zinthu zimene kunalibe pamene inkapangidwa.

Ena amabwera ndi mfundo ina, yomwe imakhudza mtima kwambiri. Amati galimotozi si zathu: zinapangidwa ku France, ku England ndi ku Japan, zina zinkanyamula mabwanamkubwa a atsamunda, ndiye tikuzisungiranji ngati kuti ndi gule wamkulu kapena zojambula za ku Chongoni? Ndikumvetsa kumene maganizowa akuchokera, koma ndikuona kuti akulakwitsa pa tanthauzo la mbiri. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja yathu n'kuyamba kuyenda mu 1951. Pitani ku Likoma kapena ku Usisya mukauze anthu kuti Ilala si yawo, muone momwe akakuyang'anireni. Chinthu chimakhala chathu chifukwa cha moyo umene takhala nacho. Land Rover inayamba kupangidwa mu 1948, thupi lake la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa nkhondo itangotha, koma kwa agogo athu inali ambulansi imene inafika pamudzi m'dzinja msewu utaduka, inali galimoto ya mlangizi wa zaulimi ndi ya wansembe. Malole a Bedford ananyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ndi chimanga kupita ku misika ya ADMARC. Peugeot 404, yomwe inayamba mu 1960, inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991, zaka zambiri ku France atasiya kupanga yonyamula anthu. Mng'ono wake, 504, ankapangidwabe ku Kaduna m'dziko la Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000. Kapikiapu ka Datsun, kamene kenaka kanadziwika kuti Nissan 1400, kankapangidwa ku Rosslyn ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008, ndipo m'chigawo chathu chino ndi ochepa amene sanakwereko kumbuyo kwake ndi thumba la ufa. Galimoto zimenezi zakhala nthawi yaitali pa fumbi la Africa kuposa pa misewu ya kumene zinachokera.

Ndipo chimene chinazisunga zamoyo ndi manja a anthu athu, zomwe kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Amene anaonapo makaniki wachikulire akupanga gasiketi, chotsekera pakati pa zitsulo ziwiri za injini kuti mafuta asadonthe, adziwa chimene ndikunena. Amatenga katoni yolimba, amaiika pa chitsulo, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi mutu wozungulira wa hamala m'mbali monse mpaka katoniyo itadulika yokha motsata chitsulocho, mabowo a mabawuti onse ali m'malo mwake. Akamaliza amaliza injini, amaweramira pa kabureta ndi sikuludiraiva, khutu lili tcheru, n'kumapotokola kasikuluwu mpaka kulira kwa injini kutasalala. Mnyamata woimirira pambali pake amaona ndi maso ake kumene mafuta akulowera, kumene moto ukuchokera, chimene chikuzunguza chinzake. Pa galimoto za masiku ano zambiri mwa izi zabisika m'mabokosi omata, ndipo wophunzira amangolumikiza makina oyezera n'kuwerenga nambala. Sindikunyoza luso latsopanolo, likufunika kwambiri ndipo achinyamata athu alidziwe. Koma munthu amene sanaonepo injini ili poyera amavutika kumvetsa chimene nambalayo ikunena, ndipo amathera pa kusintha zipangizo mongoyesa, mwini galimoto akulipira. Tsono tikagulitsa Land Rover yomaliza pa mtengo wa kilogalamu, makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe ataya chida chophunzitsira chimene sangachipezenso. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri kuli makina akale oimikidwa panja, ndipo ana a sukulu amawazungulira mokondwa. Koma makina oima amaphunzitsa pang'ono poyerekeza ndi injini imene ikulira mwana ataigwira.

Tsopano tifike kwa amene amati kupanga timagalimoto ndi chibwana, ndipo mwana wopinda mawaya akutaya nthawi imene akanawerenga. Makolo olankhula motere amafunira ana awo zabwino, ndipo mayeso a Sitandade 8 ndi nkhani yaikulu pa banja. Koma ndikuwapempha kuti tsiku lina akhale pansi aonetsetse chimene mwanayo akuchita. Amayamba ndi kuwongola waya pomukoka pa mtengo kapena kumugogoda ndi mwala. Amapinda chasisi, ndipo mbali ziwiri zikapanda kufanana amadziwa kuti galimoto idzayenda chammbali, choncho amayeza ndi kamtengo. Matayala amadula ku patapata wakutha kapena amatenga zitini za polishi, n'kuboola pakati penipeni, chifukwa bowo likapatuka tayala limavina. Polumikiza amamanga ndi malegeni kapena waya wofewa wa kopa. Kenaka pamabwera chovuta kwambiri, chiwongolero: waya wautali wochokera m'manja mwake akuyenda choimirira uyenera kutembenuza matayala onse awiri akutsogolo nthawi imodzi, ndiye amapanga kandodo kolumikiza matayalawo, monga momwe zilili pansi pa galimoto yeniyeni. Ena amaika masipuling'i, ena mabatire akutha ndi kababu ka tochi. Mwanayu sanauzidwe ndi munthu mayina a zinthu zimenezi, koma wayeza, wayerekeza, walephera, wamasula n'kuyambiranso. Kalasi ya ana ochuluka yokhala ndi buku limodzi pa ana angapo siingamupatse zimenezi.

Akuluakulu amene amapanga timagalimoto togula m'mabokosi akuchita zomwezo ndi muyeso wokhwima. Pa bokosi pamalembedwa 1:18, 1:24, 1:43 kapena 1:64, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa kangati. Peugeot 404 ndi yotalika pafupifupi mamita 4.4, pa muyeso wa 1:24 imakhala pafupifupi masentimita 18, pa 1:43 pafupifupi 10, ndipo chitseko, tayala ndi galasi zonse ziyenera kugawidwa ndi nambala yomweyo, apo ayi diso limaona msanga kuti chinachake chalakwika. Amenewa ndi masamu enieni amene ana amalephera pa bolodi koma angawamvetse ndi rula ndi waya. Mayiko amene amapanga galimoto sanaonepo zimenezi ngati chibwana. Timagalimoto ta Dinky Toys tinayamba kupangidwa ku Liverpool mu 1934, ta Matchbox mu 1953, ta Corgi mu 1956, ta Hot Wheels mu 1968, ndipo kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka ku Japan imagulitsa mabokosi ake padziko lonse kwa ana ndi akulu omwe. Matchbox inayamba pamene Jack Odell anapangira mwana wake wamkazi kachoseweretsa kokwana m'bokosi la machesi, chifukwa sukulu yake inkangolola zoseweretsa zazing'ono chotero. Mpaka lero makampani akuluakulu a galimoto, ngakhale ali ndi makompyuta amphamvu, amaumbabe galimoto yatsopano ndi dongo lapadera, poyamba yaing'ono kenaka yaikulu, asanayambe kudula chitsulo, njira imene wojambula galimoto Harley Earl anaikhazikitsa ku kampani ya General Motors. Mwana wa ku Ntcheu woumba lole ya dongo m'mbali mwa dambo akuchita choyambirira cha ntchito yomweyo, kungoti palibe womuuza. Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi zipangizo za njinga, atasiya sukulu chifukwa cha njala. Tisamutamande iye kwinaku tikukwapula mwana amene wayamba njira yomweyo kuseri kwa nyumba.

Pali dandaulo limodzi pa nkhani ya mawaya limene ndi loona: ana ena amadula mpanda wa anthu kapena kusenda mawaya a magetsi. Yankho lake ndi kuwapatsa waya. Magaraja ndi malo omanga nyumba amataya zidutswa tsiku lililonse, ndipo komiti ya sukulu ingazitolere popanda kuwononga tambala. Phunziro la Expressive Arts lilipo kale ku pulayimale. Mphunzitsi angaligwirizanitse ndi masamu pouza ana kuti ayeze galimoto ya a hedimasitala kapena ngolo ya ng'ombe ndi chingwe, agawe ndi 20, apange yawo, ndipo malikisi apite kwa amene muyeso wake walondola ndi amene chiwongolero chake chikutembenuka. Atsikana alowe nawo, chifukwa palibe chilichonse pa waya chimene chimafuna mnyamata, ndipo kuwathamangitsa pa masewerawa ndi kumene kumachititsa kuti m'makalasi a umakaniki akhale owerengeka.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi mavuto a dziko, ndipo boma lili ndi zambiri zochita. Ndikuvomereza kuti si nkhani yoyamba pa mndandanda. Koma n'chifukwa chake ndikupempha zinthu zosadya ndalama. Nthambi yoona za pamsewu itsegule kaundula wa galimoto za zaka 30 kupita m'mwamba zimene eni ake akufuna kuzisunga, ndi nambala yozizindikiritsa ndi malire omveka a kagwiritsidwe ntchito kake. Maofesi a boma, mishoni ndi maesiteti amene ali ndi galimoto zakale zogona pa mawe, asanaitane ogula zitsulo, adziwitse kaye a nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi makoleji a TEVETA kuti asankhepo zoyenera kusunga. Galimoto ya mbiri isatuluke m'dziko mwakachetechete kupita kwa ogula a ku Johannesburg kapena ku Europe, amene amadziwa mtengo wake kuposa mwana wamasiye amene akuigulitsa. Pa zionetsero za zaulimi ndi zamalonda pakhale malo a galimoto zakale ndi tebulo la timagalimoto ta ana, makaniki akale akhale oweruza.

Nawonso okonda galimotozi ali ndi ngongole kwa anthu. Ngati akufuna kuti lamulo liwakomere, asatsekere galimoto zawo kuseri kwa mipanda ya njerwa kuti azionetsana okhaokha. Azipite nazo ku sukulu, atsegule boneti, alole ana agwire. Atenge mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa m'dera aphunzire nawo pokonza. Ndipo alembe mbiri ya galimoto iliyonse eni ake akale adakali moyo: inalowa liti m'dziko, inagwira ntchito yanji, inayenda misewu iti, anaikonzapo ndani ndipo anasintha chiyani. Mabuku akale a galimoto, malisiti ndi zithunzi za m'maalubamu a mabanja zisungidwe pamodzi ndi galimotoyo, ndipo makope ake aperekedwe ku National Archives ku Zomba kuti wofufuza aliyense akawapeze.